Accu-Chek Active: makina abwino oyezera shuga, koma yambani mwafunsa za masitiripi

Munthu akangouzidwa kuchipatala kuti ali ndi matenda a shuga, achibale amathamangira ku famase kukagula makina oyezera. Ena mwa makina amene mungawapeze kumeneko ndi Accu-Chek Active, opangidwa ndi kampani ya Roche, pambali pa SD CodeFree a ku South Korea ndi On Call Plus. Accu-Chek Active ndi makina odalirika, osavuta kuwerenga, ndipo akasamalidwa amakhalitsa. Koma amene akugula ayenera kudziwa kuti ndalama zenizeni zimathera pa masitiripi, timapepala tija timene timagwira ntchito kamodzi kokha n'kutayidwa. Makina ambiri ali m'madirowa m'nyumba zathu osawonongeka chilichonse, kungoti masitiripi khumi oyamba atatha panalibenso wogula ena.

Tawerengetsani. Kabotolo ka masitiripi 50, mukamayeza kawiri pa tsiku, kamatha pa masiku 25. Pa chaka ndiye kuti mufunika masitiripi 730, pafupifupi timabotolo 15. Sitiripi ya mtundu wina silowa m'makina a mtundu wina, ngakhale ya Accu-Chek Instant kapena Performa sigwira mu Active. Choncho musanatulutse ndalama, funsani mtengo wa kabotolo, ndipo fufuzani ngati masitiripiwo amapezeka m'mafamase awiri kapena atatu a kufupi ndi kwanu. Pa mtengo wa masitiripi, SD CodeFree nthawi zambiri imatsikirapo, ndipo kwa munthu wobaya insulin amene ayenera kuyeza kangapo pa tsiku, kusiyana kumeneku n'kokwanira kusankhira SD CodeFree.

M'bokosi la Accu-Chek Active mumakhala makinawo, chobayira chooneka ngati cholembera chotchedwa Softclix, timasingano tochepa, kachikwama, ndipo mabokosi ena amakhala ndi masitiripi oyambira. Kabatire kake ndi kozungulira, ka CR2032, komwe kamapezekanso kwa okonza mawotchi ndi makompyuta, ndipo kamayeza pafupifupi maulendo 1,000. Makinawa amadziyatsa okha mukalowetsa sitiripi, amafuna kadontho kakang'ono ka magazi, ndipo yankho limatuluka pa masekondi asanu. Amasunga zotsatira 500 pamodzi ndi tsiku ndi nthawi yake. Manambala ake ndi akuluakulu, zimene zimathandiza achikulire amene maso ayamba kuchita chidima. Makina akale a mtunduwu ankafuna kuti musinthe kachipu ka nambala pa kabotolo katsopano kalikonse, ndipo woiwala ankapeza zotsatira zolakwika. Atsopano safunanso zimenezo. Ngati wina akukupatsani makina akale, onani kaye ngati ali ndi kabowo ka kachipu m'mbali.

Chimene chimasiyanitsa Active ndi makina ena ambiri ndi kayezedwe kake. SD CodeFree ndi On Call Plus amakoka magazi kunsonga kwa sitiripi n'kuyeza ndi mphamvu ya magetsi. Active imayeza ndi kuwala: mumadontheza magazi pamwamba, pakati pa kamalo kobiriwira, mankhwala a m'sitiripi amasintha mtundu, ndipo kadiso kamene kali pansi pa sitiripi kamawerenga mtunduwo. Ubwino wake ndi wakuti mukhoza kusolola sitiripi m'makina chizindikiro cha dontho chikayamba kuphethira, kuikapo magazi, n'kuibwezera masekondi 20 asanathe. Izi zimathandiza kwambiri poyeza wodwala amene ali chigonere kapena wonjenjemera manja. Kuseri kwa sitiripi kulinso kazenera kozungulira komwe mungakayerekeze ndi mitundu yojambulidwa pa kabotolo, kuti muone ngati nambala ya pa makina ikugwirizana nayo. Kameneka n'kongothandizira, musasinthire mankhwala pa mtundu wa kazeneraka.

Kuipa kwake kumachokeranso pomwepo. Kadiso kaja kakada ndi fumbi kapena magazi ouma, makina amakana kapena kupereka nambala yokayikitsa. Kachivundikiro ka pamene pamalowa sitiripi kamatsetsereka n'kuchoka. Pukutani kadisoko ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi madzi ozizira, dikirani paume, kenaka bwezerani. Musathire madzi m'makina. Ndiponso makinawa sakonda dzuwa lowala mwachindunji, ndiye woyezera pakhonde masana alowe pamthunzi. Kwa munthu amene alibe mtima wopukutapukuta zinthu, makina okoka magazi kunsonga amamuyenera bwino.

Nkhani ya miyeso iwiri

Apa mpamene pamapwetekeka anthu ambiri. Shuga wa m'magazi amawerengedwa mu mg/dL kapena mu mmol/L, ndipo Active imabwera itaikidwa muyeso umodzi kuchokera ku fakitale, sungasinthidwe. Makina otumizidwa ndi m'bale wa ku Joni kapena ku Britain amawerenga mu mmol/L, pamene ochokera ku India kapena ku America amawerenga mu mg/dL. Kuti musinthe, gawani nambala ya mg/dL ndi 18: 180 ndi 10.0, 126 ndi 7.0, 70 ndi 3.9. Nambala ya mmol/L imakhala ndi kadontho pakati. Munthu wozolowera kumva a dokotala akunena 120 kapena 150 akaona 15.0 pa makina ochokera ku Joni akhoza kuganiza kuti shuga watsikiratu n'kumwa Fanta, pamene kwenikweni ali pa 270 mg/dL. Funsani muyeso umene chipatala chanu chimalemba m'kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo gulani makina ofanana nawo.

Makina aliwonse a kunyumba sapereka nambala yeniyeni ngati ya ku labotale. Muyezo wa padziko lonse wa makina oyezera shuga, wotchedwa ISO 15197 wa 2013, umalola kusiyana kwa 15 mg/dL shuga akakhala pansi pa 100, ndi 15 pa 100 aliwonse akakhala pamwamba pake. Ndiye mukayeza kawiri motsatizana n'kupeza 140 ndi 152, makina sanawonongeke, ndipo musaonongerepo sitiripi yachitatu.

Zolakwika zazikulu zimachokera kumanja ndi kasungidwe. Chala chimene changosenda mango, nthochi kapena nzimbe chimakhala ndi shuga pakhungu, ndipo kadontho kochepa chotere kamatengera shugayo n'kupereka nambala yoopsa. Sambani ndi sopo, pukutani ziume. Sipiriti siofunika, ndipo mukabaya isanaume imasakanikirana ndi magazi. Pamene palibe madzi, pukutani dontho loyamba ndi kathonje n'kuyeza lachiwiri. Bayani m'mbali mwa nsonga ya chala, osati pakati, chifukwa pakati m'popweteka, ndipo muzisinthasintha zala. Softclix ili ndi kozungulitsa kosankhira kuya kwa kasingano. Wa khungu lofewa ayambe pa 2, wa manja a khasu afunika 4 kapena kupitirira. M'mawa wa June ndi July magazi amavuta kutuluka, ndiye tikitani manja kapena kuwaviika m'madzi ofunda m'malo mofinya chala mwamphamvu, poti kufinya kumatulutsa timadzi ta m'mnofu timene timasungunula magazi. Kasingano ndi ka munthu mmodzi. Kubwerekana chobayira kungafalitse HIV ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B. Timasingano togwiritsidwa ntchito tiziikidwa m'botolo lolimba lotseka, lipite kuchipatala likadzadza.

Masitiripi asungidwe pakati pa madigiri 2 ndi 30, m'kabotolo kake komweko, kotsekedwa nthawi yomweyo mukangotulutsa imodzi, chifukwa m'chivundikiro muli mankhwala oyamwa chinyezi. Mu October ndi November, ku Nsanje, Chikwawa ndi m'mphepete mwa nyanja, m'nyumba ya malata kumatentha kupitirira pamenepo. Sungani kabotoloko pansi, m'chipinda chozizirirapo, kutali ndi zenera, ndipo musakasiye m'galimoto. Musagule masitiripi ochotsedwa m'kabotolo n'kukulungidwa m'pepala, ngakhale akhale otchipa. Onaninso tsiku lotha ntchito musanalipire. Munthu wochepa magazi kwambiri, monga amene wangodwala malungo aakulu, makina akhoza kumuonetsa nambala yokwererapo kusiyana ndi mmene zilili, ndiye iyeyo akayezetse kuchipatala.

Kugwiritsa masitiripi mopindulitsa

Masitiripi akakhala ochepa, kuyeza m'mawa uliwonse musanadye n'kuwaononga, makamaka kwa amene amangomwa mapiritsi a shuga otchedwa metformin. Nambala ya m'mawa imabwerezabwereza zomwezo, osakuuzani chimene chakudya chikuchita. Phindu lalikulu la makinawa lili pa kuyeza awiriawiri: kamodzi musanayambe kudya, kachiwiri patapita maola awiri kuchokera pa mbamu yoyamba. Kwa akuluakulu ambiri cholinga chimakhala 80 mpaka 130 mg/dL musanadye, ndi pansi pa 180 mutadya, ngakhale a dokotala akhoza kukupatsani malire ena ngati ndinu okalamba, oyembekezera, kapena shuga amakutsikani pafupipafupi. Active ili ndi kachizindikiro ka apozi kosonyeza ngati mwayeza musanadye kapena mutadya, koma kope ndi bolopeni zimaposa, chifukwa makina salemba kuti munadya mitanda ingati.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Lero mitanda itatu ya nsima ya ufa woyera, tsiku lina umodzi ndi theka wa ufa womwewo, ndiwo zofanana. Kenaka yesani mgaiwa pa mlingo womwewo. Anthu ambiri amauzidwa kuti mgaiwa ndiye mankhwala, n'kuyamba kudya mitanda inayi mtima uli m'malo. Mgaiwa uli ndi gaga ndi zomanga thupi zochulukirapo, ndipo ndi wabwino kuposa woyera, koma ndi chimanga ndithu, chogayidwa mosalala, ndipo chimakweza shuga molingana ndi kuchuluka kwake. Makina amaonetsa zimenezi mosabisa. Mtanda wofanana ndi chibakera chanu, theka la mbale likhale masamba monga bonongwe, nkhwani, chisoso kapena mpiru, ndi nyemba, usipa, mazira kapena nandolo pambali, kawirikawiri umapereka nambala yosiyana kwambiri ndi mbale yodzadza nsima yokhala ndi msuzi wokha. Kondowole, mpunga woyera, mbatata ndi chinangwa ziyesedwenso chimodzimodzi, poti matupi amasiyana.

Chakudya cha m'mawa ndicho chimadabwitsa ambiri. Tiyi wa masipuni atatu a shuga ndi mandasi awiri kapena buledi woyera amakweza shuga msanga kuposa nsima ya masana. Phala lopanda shuga koma lochuluka limakwezanso. Kuthiramo nsinjiro n'kuchepetsa mlingo kumathandiza. Thobwa, maheu ogula, Sobo ndi madzi a zipatso zimalowa m'magazi mofulumira chifukwa palibe chotafuna. Uchi ndi shuga wofiirira ndi shuga basi. Nyengo ya mango, limodzi laling'ono mutatha kudya ndi losiyana ndi asanu a pansi pa mtengo. Yesaninso masitiripi awiri pa tsiku limene mwayenda mphindi 15 mutangotha kudya, muyerekeze ndi tsiku limene munakhala pampando.

Amene amamwa mapiritsi a shuga otchedwa glibenclamide kapena kubaya insulin nkhani yawo ndi ina, chifukwa mankhwalawa amatha kutsitsa shuga mopitirira. Ngozi imabwera pamene munthu wamwa mankhwala m'mamawa n'kupita kumunda osadya, pamene wakhala kumaliro kapena pamzere wa kuchipatala mpaka masana, posala kudya kwa mapemphero, kapena pomwa mowa m'mimba mulibe kanthu. Kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, mtima kuthamanga ndi kusokonezeka mutu ndi nthawi yoyeza mosazengereza. Pansi pa 70 mg/dL, sungunulani masipuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga m'madzi, kapena imwani theka la botolo laling'ono la chakumwa chotsekemera, dikirani mphindi 15, yezaninso, kenaka idyani chakudya chenicheni. Glibenclamide amakhalitsa m'thupi, motero shuga akhoza kutsikanso patapita maola angapo. Wokomoka asamwetsedwe kanthu. Agonekedwe cham'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Omwa glibenclamide kapena obaya insulin azikhala ndi masitiripi asanu osungidwa padera a nthawi zotere, ndipo kachikwama ka makina kazikhala ndi timaswiti kapena kapepala ka shuga.

Makina akalemba LO ndiye kuti shuga ali pansi pa 10 mg/dL, akalemba HI wapitirira 600. Sambani m'manja, bwerezani kamodzi, ndipo zikabwera zomwezo pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Nambala yopitirira 250 mg/dL yotsagana ndi kusanza, kupweteka m'mimba, ludzu losatha kapena kupuma mozama siyodikira tsiku la kiliniki.

Active imawerengeranso shuga wa pakatikati wa masiku 7, 14, 30 ndi 90. Mbali imeneyi ndi yosathandiza kwenikweni kwa woyeza mwa apo ndi apo, ndipo imasokonekera anthu a m'nyumba akamayezera pa makina omwewo, kapena tsiku ndi nthawi zikasokonekera posintha kabatire. Siyilowa m'malo mwa kuyezetsa HbA1c, komwe kumaonetsa mmene shuga wayendera pa miyezi iwiri kapena itatu. Kabowo kolumikizira ku kompyuta ambiri sadzakagwiritsa ntchito n'komwe.

Kwa wodwala shuga wa mtundu wachiwiri (umene nthawi zambiri umagwira akuluakulu) amene akufuna kudziwa mmene zakudya za pakhomo pake zikumuchitira, kwa achikulire ofuna manambala akuluakulu, ndi kwa osamalira wodwala wa chigonere, Accu-Chek Active ndi yoyenera kugula. Wobaya insulin amene amayeza katatu kapena kanayi pa tsiku ayerekeze kaye mtengo wa timabotolo ta mwezi wathunthu ndi wa SD CodeFree. Pa tsiku la kiliniki tengani makinawo pamodzi ndi kope lija, ndipo pemphani a namwino kuti muyeze pa makina anu nthawi yomweyo imene iwo akuyeza pa awo, muone ngati manambala akuyandikana.