Patha chaka chichitireni peel ya kumaso: banga la patsaya ndi ndalama zanga

Achemwali ena a kutchalitchi kwathu anandifunsa Lamulungu lapitali ngati angapite kumalo kuja ndinakachititsa chemical peel, poti mwana wawo akumanga ukwati mu Disembala ndipo akufuna nkhope ikakhale yosalala pazithunzi. Anati anawerenga zimene ndinalemba chaka chatha nditangoyamba kumene, nthawi imene ndinkayamikira chilichonse. Ndinawauza kuti ngati akufunadi adikire chisanu, asayambe dzuwa lili pamutu chonchi. Koma mwina alipo enanso kuno ku Joni amene anaona mawu anga oyamba aja, ndiye ndi bwino amve mmene zathera.

Kwa amene simukudziwa, ndinali ndi madontho akuda m'masaya ndi pachibwano, otsala ndi ziphuphu zimene zinandivuta nditabereka mwana wachiwiri. Peel ndi mankhwala a asidi amene amakupaka kumaso kwa mphindi zochepa kuti khungu lapamwamba lisupuke, pabwere latsopano. Ine anandiyamba mu Meyi ndi salicylic acid, kenako anasinthira ku glycolic acid. Ndinalipiriratu maulendo onse pamodzi, R4 800, chifukwa anati kutero kumatchipa, kuwonjezapo R1 200 ya kabokosi ka mafuta awo osamalira khungu likamachira.

Zabwino zilipo, sindingazibise. Sopo wawo wamadzi wosambira kumaso ndi wofatsa, sathetheka ngakhale khungu lili lanthete. Mafuta ofewetsa khungu anandisunga bwino m'chisanu cha Juni ndi Julayi, pamene mphepo ya kuno imauma mpaka milomo kung'aluka. Ziphuphu zinachepa, ndipo chibwano changa mpaka lero n'chosalala. Malangizo a masiku oyamba analinso olondola: osakanda, osasenda ndi zala khungu limene likusupuka, osakhula ndi chinkhupule, madzi ofunda pang'ono basi, osadzola zonunkhira. Pamalo pouma kwambiri, Vaseline wamba wa Blue Seal yemweyu anagwira ntchito kuposa kabotolo kawo ka serum kamene kanatha mwezi usanathe.

Vuto linayamba ndi ulendo wa mu Okutobala. Mtsikana amene ankandithandiza nthawi zonse kunalibe, ndinapeza wina. Anayang'ana pa khadi langa n'kunena kuti khungu langa lazolowera, ndiye akweza mphamvu ya asidi. Sanayese kaye pamalo pang'ono, anangopaka nkhope yonse. Patsaya la kumanzere, pamwamba chakufupi ndi diso, panayamba kutentha mosiyana ndi maulendo ena onse. Ndinamuuza. Anandiyankha kuti kutenthako ndiye kugwira ntchito kwake, ndipirire pang'ono. Ndinamuuzanso kachiwiri misozi ikutuluka, m'pamene anapukuta. Patapita masiku ochepa pamalopo panachita nkhanambo yaikulu ngati ndalama ya R5. Ndinaisamala monga momwe pepala lawo linanenera, Vaseline m'mawa ndi madzulo, osaigwira n'komwe. Itagwa yokha pansi pake panali pofiirira, ndipo mtima unakhala pansi poganiza kuti zatha. Koma sabata ndi sabata pamalopo pankaderabe, mpaka panada kuposa madontho onse amene ndinapitira kumeneko.

Apa m'pamene nkhani ya sunscreen wawo, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, ikubwera, ndipo imandipweteka mpaka lero. M'kabokosi muja munali wa SPF 50 (nambala yosonyeza mphamvu yotchinga dzuwa), wa zinc oxide. Papepala ndi wabwino. Pankhope ya munthu wakuda ngati ine amatuwitsa mbuu, ndipo thukuta likangotuluka amachita mizeremizere kutsikira m'khosi. Ine ndimakhala ku Cosmo City, ndimagwira ntchito yosamalira agogo ena ku Randburg. M'mawa ndimaima pamzere wa tekisi, masana ndimayanika zovala, ndimawatulutsa agogowo pakhonde, madzulo pamzere kachiwiri. Ndinkadzolabe tsiku ndi tsiku, anthu m'tekisi azindiyang'ana. Koma malangizo amati ukakhala panja uzidzolanso maola awiri alionse, ndipo kuwonjezera pamwamba pa amene wamatirira kale kunkangopanga timibulu tomagwera pa yunifolomu. Amene anasankha mafuta amenewa kuti azigulitsa kwa makasitomala amene ambiri ndi azimayi akuda, sindikhulupirira kuti anawayesapo pankhope ngati yathu.

Komanso dzuwa la kuno si loseweretsa. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1 750, pamwamba kwambiri kuposa Lilongwe kapena Blantyre, ndipo dzuwa limaluma ngakhale kamphepo kakuzizira. Yang'anani pa foni yanu m'miyezi yotentha, muona UV index, muyeso wa mphamvu ya cheza cha dzuwa chowotcha khungu, ikufika 11 ndi kupitirira. Kukweza mphamvu ya asidi mu Okutobala, kwa munthu amene anawauza kuti amayenda pa tekisi, kunali kusaganiza.

Nditabwererako ndi banga langalo, mayi woyang'anira malowo sanayang'ane n'komwe khadi kuti aone mphamvu imene anandipaka. Anangoti ndapsa ndi dzuwa, n'kunditulutsira fomu imene ndinasayina tsiku loyamba. Kenako anatsegula kabati n'kundionetsa kabotolo koyera kokhala ndi sitika yawo, kopanda mndandanda wa zimene zilimo, akuti kayeretsa bangalo m'masabata awiri, R650. Ndinafunsa kuti muli chiyani, anati ndi chinsinsi cha kampani. Ndinakana. Kuno ku South Africa hydroquinone, mankhwala oyeretsa khungu, analetsa kuika m'mafuta odzola wamba kuyambira 1990, amaperekedwa ndi dokotala basi, ndipo mafuta ambiri oyeretsa msanga amene amagulitsidwa m'misika ya m'tauni amakhala ndi steroid wamphamvu. Tonse tawaonapo azimayi anzathu amene masaya awo anasanduka akuda bii, khungu litapyapyala mitsempha kuonekera, chifukwa cha timabotolo topanda dzina. Sindikunena kuti kawo kanali kotero. Ndikungoti munthu wandiwotcha kale sangandipatsenso chinthu chimene akukana kundiuza kuti n'chiyani.

Mu Januwale ndinadzimana n'kupita kwa dokotala wa khungu weniweni, wolembedwa m'kaundula wa HPCSA, bungwe loyang'anira madokotala kuno. Kumuona kokha kunali R1 300, ndipo mwezi umenewo kumudzi ndinatumiza zochepa. Koma mafunso amene anandifunsa, kumalo kuja sanandifunsepo ngakhale limodzi. Kodi ukalumidwa ndi udzudzu kapena ukapsa ndi poto, pamatsala banga lakuda? Kodi ukumwa mapiritsi olera? Kodi unadzolapo mafuta oyeretsa? Anandifotokozera kuti khungu lathu lili ndi melanin wambiri, utoto umene umalipatsa mtundu wake, ndipo likavulala kapena kutupa, ngakhale pang'ono, limatulutsa melanin wowonjezera pamalo povulalapo. Ndiye peel yomweyo imene imachotsa madontho ikhoza kubweretsa ena ngati ipitirira muyeso. Anati banga likakhala pamwamba limazilala m'miyezi ingapo, koma utoto ukalowa m'kati mwa khungu zimatha kutenga chaka kapena kupitirira. Anandipatsa kirimu wa azelaic acid, n'kundiuza kuti ndisiye kaye asidi wina aliyense.

Chimene chinandidabwitsa, ndipo ndi chinthu chabwino kwambiri chimene chatuluka m'nkhani yonseyi, ndi sunscreen wokhala ndi utoto. Dokotalayo anati kwa ife akhungu lakuda si UV yokha imene imadetsa mabanga, kuwala wamba kumene timaona ndi maso nakonso kumawonjezera, ndipo sunscreen wamba sakutchinga. Chimene chimatchinga ndi iron oxide, amene amapezeka mu sunscreen wa utoto. Ndinakafufuza ku famase, ndinayesa pachibwano mitundu ingapo mpaka ndinapeza wofanana ndi ine, wa SPF 50, wokhala ndi chizindikiro cha CANSA, bungwe la kuno lolimbana ndi khansa. Ndimafinyira pa zala ziwiri, kuyambira m'munsi mpaka kunsonga, ndiye muyeso wa nkhope ndi khosi. Satuwitsa, sachita mizere, ndimatha kuwonjezera masana popanda vuto, ndipo amabisa bangalo moti ufa wa kumaso ndinasiya kugula. Mtengo wake sufika theka la kabokosi kaja. Ndinagulanso chipewa chachikulu cha mlaza, ndipo pamzere wa tekisi ndimavala osachita manyazi.

Panopa bangalo lazilala ndithu, m'mbali mwake simukuonekanso malire. Masiku ena ndimadziyang'ana pagalasi m'mawa n'kuona chibwano chosalala, ziphuphu kulibe, ndipo ndimati mwina sizinali zoipa kwenikweni. Koma tsiku lina tikucheza pa vidiyo ya WhatsApp, amayi anga ku Ntcheu anayandikitsa foni n'kufunsa kuti, "Mwana wanga, wapsa ndi chiyani patsayapo?" Ndinali nditangosamba, osadzola kanthu. Usiku umenewo ndinagona ndi mkwiyo, ndikuwerengetsa m'mutu ndalama zonse.

Ndipo zikawerengedwa zimawawa. R6 000 kumalo kuja, R1 300 kwa dokotala, kirimu ndi sunscreen mwezi ndi mwezi. Ndalama zimenezi zikanalipira fizi ya mwana wanga wamkulu, kutsalanso ya feteleza. Gawo lalikulu la zimene ndawononga chaka chino ndi lokonza zimene anawononga iwo.

Pa khadi langa patsala ulendo umodzi umene ndinalipira kale. Sindingakhalenso pampando wawo, ndiye ndinapempha kuti andibwezere ndalama ya ulendo umenewo. Anakana. Ndinati chabwino, andipatse sopo ndi mafuta ofewetsa aja a mtengo womwewo, poti zimenezo ndimazikonda. Anakananso, n'kunditumizira uthenga wakuti khadilo litha mphamvu kumapeto kwa mwezi uno, komanso kuti ndikafuna kuligwiritsa ntchito ndiyambe ndagula kabokosi katsopano, kamene tsopano akukagulitsa R1 450. Mwana wa agogo amene ndimawasamalira ndi amene ananditsegula maso kuti lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limati voucher kapena khadi lolipiriratu silitha mphamvu zaka zitatu zisanakwane. Ndawalembera kalata yonena zimenezo, ndaikamo zithunzi za tsaya langa za mwezi ndi mwezi, lisiti, ndi kalata ya dokotala. Ndawapatsa mpaka Lachisanu la sabata ya mawa. Akapanda kuyankha ndikadandaula kwa Consumer Goods and Services Ombud, ofesi yomva madandaulo a ogula, kumene sulipira kanthu. Chaka chatha ndinawapatsa nyenyezi zisanu. Lero ndikuwapatsa ziwiri, imodzi ya sopo, ina ya mtsikana woyamba uja amene ankafunsa kaye asanapake, ndipo akabweza ndalama yanga mwaulemu ndidzawonjezera imodzi.