Jorvik Viking Centre ku York: Malo Oyenera Ophunzira Zaumoyo

Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Jorvik Viking Centre, mumzinda wa York ku England, imakopa alendo ndi timagalimoto tomwe timawayendetsa m'mudzi womangidwanso wa a Viking (anthu akale ochokera kumpoto kwa Ulaya), momwe ngakhale fungo la nthawiyo adalikonza mwaluso. Komabe kwa ine chopambana zonse ndi chimbudzi cha munthu chouma gwa, chotalika masentimita 20, chomwe chidafukulidwa mu 1972 pamalo pomwe ankamanga nthambi ya Lloyds Bank. Akatswiri adapezamo mazira ambirimbiri a njoka za m'mimba, umboni woti mwiniwake, munthu wa m'zaka za m'ma 800 yemwe ankadya kwambiri nyama ndi buledi, ankakhala pakati pa uve wosaneneka. Ena amangochiseka n'kudutsa, koma wophunzira zaumoyo ayenera kuimapo kanthawi.