Ndayesa mafuta a thyme pa nsabwe za repu wanga

Kabotolo ka 10ml ka mafuta a thyme, kachitsamba konunkhira kothira m'zakudya, ananditumizira mchemwali wanga wa ku Johannesburg nditamudandaulira kuti nsabwe zandithera repu ndi mpiru kudimba. Mkati mwake muli mankhwala achilengedwe otchedwa thymol, ndi amene amapha tizilombo tofewa ngati nsabwe ndi akangaude ofiira a pa matimati, fungo lakenso ndi lamphamvu heve.

Mafutawa sasakanikirana ndi madzi ndiye ndimayamba ndathira kasopo kamadzi pang'ono, kenako madontho ochepa mu lita imodzi, nkukhutchumula bwinobwino kenako kupopera kunsi kwa masamba komwe nsabwezo zimabisala. Tsiku loyamba ndinachulutsa komanso ndinapopera dzuwa likuswa mtengo, masamba ena anapsa m'mphepete, zinandiwawa kwabasi. Pano ndimapopera madzulo basi.

Nsabwe zachepadi ndithu ndipo ndiwo tikudya mtima uli m'malo, ana akuthyola okha. Koma mafutawa amauluka msanga ndiye pakatha masiku ochepa umayenera kubwerezanso, nanga mtengo wake, eish, kabotolo kamathera pompo. Pa kadimba ka kuseri kwa nyumba ndi abwino, ndiwapatsa 4 pa 5, koma munda wa ekala ine ndikhalabe pa nimu.