IPL, diode kapena Nd:YAG: iti ndiyo ya khungu lathu lakudali?

Chichotsereni kampango kamene ndinkamanga m'khosi kaja, sabata siitha wina osandikokera pambali pa shopu yanga kuno ku Kamuzu Road n'kundinong'oneza kuti, "Asisi, ndevu zija munazitani?" Ena amadzifunsira okha, ena amafunsira amuna awo amene khosi linadzaza tiziphuphu ta lezala. Ndayankha mmodzimmodzi mpaka ndaona kuti bola ndilembe kamodzi, chifukwa mawu akuti laser, makina ochotsa tsitsi ndi kuwala, ali pakamwa pa aliyense tsopano, koma makina amene amatchedwa dzina limeneli si amodzi ayi. Ena mwa iwo akhoza kukuotchani. Ine anandiotcha.

Ndiyambe ndi IPL, popeza ndi imene ndili nayo kukhosi.

Ndinaona chithunzi pa Facebook, malo ena a zokongoletsa ku Lilongwe akuti amachotsa tsitsi ndi laser. Ndinakwera minibasi m'mamawa mwezi wa Okutobala, kutentha kuli pachimake. Nditafika sanandifunse chilichonse, kaya ndimadzola mafuta anji, kaya chilonda changa chikapola chimasiya chipsera chotupa. Anandigoneka, kundipaka jelo wozizira, n'kuyamba kuthwanimitsa kuwala pachibwano ndi pakhosi. Ndinawauza kuti zikuotcha kwambiri. Mtsikana amene anagwira makinawo anati, "Limbani mtima mayi, ndiye kuti ikugwira ntchito." Ndinalimbadi mtima. Pobwerera ndinakhala chakuwindo, dzuwa likundiwomba pakhosi msewu wonse mpaka ku Salima, ndipo palibe anandichenjeza za dzuwalo.

Kutacha ndinapeza matuza atandanda pakhosi, lililonse langodya zinayi ngati kabokosi ka machesi, kutengera kukamwa kwa makina aja. Matuza anaphulika, panabwera nkhanambo, nkhanambo zitachoka panatsala mabala akuda bii, ndipo malo awiri anayera mbuu ngati zikanga. Kutchalitchi ndinkapita nditakulunga khosi pa kutentha kwa kuno. Amayi anga anafika pondifunsa ngati bambo a kunyumba anandithira madzi otentha. Mabala akudawo anatenga pafupifupi chaka kuti azilale.

Chondiwawa china ndi ndalama. Mtengo umene anaulemba unali wa ulendo umodzi, malo amodzi. Chibwano anachiwerenga pachokha, khosi palokha, kirimu wodzola pambuyo pake ndinagula padera. Anandinyengerera kulipiriratu maulendo 6 kuti ndichotseredweko pang'ono, ndipo nditawatumizira zithunzi za matuza anandiuza kuti ndalama sizibwezedwa, ndibwere ndidzamalize maulendo otsalawo. Sindinapondekonso.

Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa kuti IPL si laser n'komwe. Laser imatulutsa kuwala kwa mtundu umodzi wokha, pamene IPL ili ngati fulashi ya kamera yamphamvu, imamwaza kuwala kwa mitundu yambirimbiri nthawi imodzi. Makina onsewa amagwira ntchito mofanana: kuwala kumasaka melanin, chinthu chimene chimadetsa tsitsi, n'kusanduka kutentha kumene kumapha muzu wa tsitsilo. Kwa munthu wa khungu loyera ndi tsitsi lakuda, kuwalako kumangolunjika pa tsitsi. Koma ife melanin yemweyo ndi amene wadzaza pakhungu pathu. Mukayanika nsalu yakuda ndi yoyera padzuwa la ku Senga Bay, mukudziwa imene imayamba kutentha. Khungu langa linamwa kuwala kumene kumayenera kupita ku muzu, n'kupsa.

Madokotala a khungu amagawa anthu m'magulu 6, potsatira ndondomeko imene Thomas Fitzpatrick wa ku yunivesite ya Harvard ku America anayambitsa mu 1975. Poyamba magulu anali 4, a anthu a khungu loyera, athuwa anawonjezedwa pambuyo pake. Ambiri mwa ife tili mu gulu 5 kapena 6, ndipo m'magulu amenewa IPL ndi yoopsa. Ngakhale timakina ta IPL togwiritsa ntchito kunyumba, timene anthu akuitanitsa pa intaneti masiku ano, tambiri timakhala ndi kachithunzi ka mitundu ya khungu pabokosi, ndipo pa khungu lakuda kwambiri pamakhala pothetha. Musagule musanayang'ane kachithunzi kameneko.

Pa ma laser enieni, chofunika kudziwa ndi nambala imodzi, yoyezedwa mu nm (ma nanomita), imene imaonetsa mtundu wa kuwala. Nambala ikakula, kuwala kumalowa mozama ndipo melanin wa pamwamba pa khungu amakumwa pang'ono.

Alexandrite ndi 755. Imachita bwino pa azungu, ife tiisiye.

Diode ndi cha m'ma 800 mpaka 810. Iyi ili pakatikati. Mnzanga wina woyererako, wa ku Nkhotakota, anachotsa nayo tsitsi la m'khwapa ndipo sanapse, koma amene anamuchita anatsitsa mphamvu, ndipo makinawo anali ndi mutu wozizira kwambiri. Kwa munthu wakuda ngati ine sindingaivomereze pankhope pokhapokha wogwira makinayo atandionetsa kuti anachitapo anthu a khungu longa langa. Zimadalira kwambiri dzanja la munthuyo, ndipo dzanja limenelo simungalidziwe poona chithunzi chotsatsa malonda.

Nd:YAG ndi 1064, ndipo ndi imene inandithandiza. Ndimapita ku Johannesburg kukaoda katundu wa mu shopu, ndiye ulendo wina ndinadzikakamiza kukaonana ndi dokotala wa khungu. Kusiyana kunaoneka tisanakhudze n'komwe makina. Anandifunsa ngati ndili ndi chipsera chotupa, chonga chimene ena amatuluka nacho akaboola makutu. Anandifunsa ngati ndinadzolapo mafuta oyeretsa khungu, chifukwa ambiri mwa mafuta amenewa amakhala ndi mankhwala a steroid amene amapepukitsa khungu, moti limapsa msanga ndipo limachedwa kupola. Anandifunsanso za kumwezi, n'kundifotokozera kuti ndevu kwa mzimayi, makamaka ngati kusamba kukudumphadumpha, nthawi zina zimachokera ku vuto la mahomoni lotchedwa PCOS, ndipo ngati vutolo silinaonedwe tsitsi limabwererabe. Tsiku limenelo anakana kundichita. Anati tidikire mabala a IPL aja azilale kaye. Ulendo wotsatira anangoyesa kamalo kakang'ono pansi pa nsagwada, kuti tione mmene khungu lichitire pakapita masiku. Panalibe thuza ngakhale limodzi, ndiye tinayamba.

Sindikubisirani, Nd:YAG imapweteka, ngati wina akukuthyapula ndi kalabala kotentha, ngakhale amapemerera mpweya wozizira nthawi yomweyo. Ululu wake umatha akangochotsa makina, si uja wa IPL umene ndinapita nawo kunyumba. Pankatsala timatotupa ting'onoting'ono pa mizu ya tsitsi, pofika mawa tatha. Imafunanso maulendo ambiri, chifukwa kuwala kumapha mizu yokhayo imene ikumera panthawiyo, ina imakhala ili mtulo. N'chifukwa chake amati muzibwera pakatha masabata 4 mpaka 6. Ine maulendo anga ankatalikirana kuposa pamenepo, moti zinanditengera nthawi yaitali, maulendo 8 onse pamodzi. Aliyense wokulonjezani kuti tsitsi litheratu ulendo umodzi akukunamizani. Ngakhale pano silinatheretu, koma limene limamera ndi lochepa, lofewa, ndipo tiziphuphu tija tinasiya.

Abambo amene mumavutika ndi tiziphuphu mukameta, vuto lanu ndi tsitsi lathu lopotanali, limene limapinda n'kubaya khungu pomera. Nd:YAG imathandiza, koma dziwani kuti pamene yadutsa ndevu zimachepa mpaka kalekale. Ambiri amangochita pakhosi pokha. Musanawononge ndalama, yambani mwasiya lezala, muzimeta ndi mashini osafikitsa pakhungu. Bambo a kunyumba kwanga zinawathera motero.

Za laser yochotsa mabala akuda kumaso, kapena ija ya CO2 yosenda khungu kuti lisalale, ndinena mwachidule: pa khungu lathu kutentha kulikonse kukhoza kubala bala lakuda latsopano, nthawi zina loposa limene munapitira. Dokotala yemweyo anandipatsa mankhwala odzola ndi sunscreen (mafuta oteteza khungu ku dzuwa) ya mphamvu ya SPF 50, osati makina.

Dzuwa ndilo lotivuta ife a kunyanja. Khungu limene langochitidwa kumene laser silifuna dzuwa kwa masabata angapo, pamene kuno ungokwera kabaza kuchoka kumsika kupita kunyumba wapsa kale. Chipewa ndi sunscreen zikhale m'chikwama, ndipo ngati n'kotheka yambani mu Juni kapena Julayi. Musazule tsitsi pakati pa maulendo, muzingometa, chifukwa mukazula muzu kuwala kulibe chosaka. Maso azitchingidwa ndi magalasi ake nthawi zonse.

Tsono mukapeza malo, kaya ku Lilongwe, ku Blantyre kapena kunja, musafunse kuti "Muli ndi laser?" Onse ayankha kuti eya. Funsani dzina la makina ndi nambala yake, ndipo mupemphe kuwerenga nokha pa makinapo. Funsani ngati pali dokotala wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi amene amayang'anira ntchitoyo. Funsani mtengo wa maulendo onse, malo onse, ulembedwe papepala. Akakana kuyesa kamalo kakang'ono kaye, nyamulani chikwama chanu muzipita. Kwa khungu la gulu 5 ndi 6, ine ndimaika Nd:YAG patsogolo, diode patali pambuyo pake, IPL sindiiwerengera n'komwe.

Mng'ono wanga akufuna kuyamba chaka chamawa nyengo yozizira, ndipo tagwirizana kuti ulendo woyamba tipitira limodzi kuti nambala ija ndikaione ndi maso anga. Ine pachibwano patsala imvi zitatu. Zimenezi palibe laser imene ingazione popeza zilibe melanin, ndiye ndimangozidula ndi sizasi Loweruka lililonse.