Ndemanga yanga pa mbewu za maluwa a Phlox drummondii nditazidzala nyengo yathunthu

Ndinagula paketi imodzi ya mbewu za Phlox drummondii za mitundu yosakaniza, ndipo ndadikira mpaka maluwawo atafota ndi kugwetsa njere ndisanalembe ndemanga iyi, chifukwa chithunzi cha pa paketi sichikuuzani mmene mbewu idzachitire ikalowa m'dothi. Ndikuzipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Mbewuzo ndi zamoyo ndipo maluwa ake ndi okongoladi, koma nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa cha malangizo operewera a kumbuyo kwa paketi, amene akanatha kutayitsa munthu wongoyamba kumene mbewu zake zonse.

Malangizowo amangonena kuti mufese pamalo a dzuwa ndi kuthirira pafupipafupi. Mwamwayi ndinagawa njerezo pawiri. Gawo loyamba ndinangomwaza pamwamba pa dothi la m'thireyi n'kuika pawindo, monga mmene ndimachitira ndi njere zing'onozing'ono za maluwa ena, ndipo pa njere 30 zinamera 7 zokha. Pambuyo pake ndinadziwa kuti njere za duwali zimafuna mdima kuti zimere. Gawo lachiwiri ndinalikwirira ndi dothi losefa lokhuthala mamilimita 3, n'kuvundikira thireyiyo ndi katoni pamalo ozizirira bwino, pakuti njerezi zimakonda kutentha kwa madigiri 13 mpaka 18, ndipo pasanathe masabata awiri pafupifupi zonse zinali zitatuluka. Katoniyo muichotse tsiku lomwelo mukaona timasamba toyamba, apo ayi mbande zimawonda n'kutalika mopanda mphamvu. Chiganizo chimodzi chokha chonena za mdimawu chikanakwanira pa paketi, ndipo n'zondidandaulitsa kuti wogulitsa sanachilembe.

Chinthu china chimene paketiyo sinatchule n'chakuti mizu ya duwali sifuna kusokonezedwa. Mbande zimene ndinazula m'thireyi ndi kuziwokera pabedi zinaima osakula kwa masiku ambiri, pamene zija ndinaziika msanga m'timachubu, mbande imodzi pa chubu, n'kuzidzala ndi dothi lake lomwe, sizinafooke n'komwe. Amene ali ndi bedi lokonzedwa kale angachite bwino kufesa pomwepo ndi kupatulira pambuyo pake, kusiya mpata wa masentimita 20 mpaka 25 pakati pa mapesi. Dothi langa ndinalisakaniza ndi kompositi yowolerana bwino, ndipo ndinaonetsetsa kuti madzi sakudikha. Mbande zitafika masentimita pafupifupi 10 ndinatsina nsonga zake, ndipo ngakhale kuti dzanja limachita mantha kudula chomera chathanzi, zotsinidwazo zinachita nthambi zambiri ndi kubereka maluwa ochuluka kuposa zochepa zimene ndinazisiya kuti ndiyerekezere.

Maluwa atayamba kumasula ndinaiwala madandaulo onse aja. Duwa lililonse lili ndi timasamba tisanu tophwatalala, ndipo amatuluka m'magulu kunsonga kwa nthambi, ena ofiira kwambiri, ena apinki okhala ndi diso loyera pakati, ena apepo. Oyera anali ochepa kusiyana ndi mmene chithunzi chimasonyezera, moti pa bedi lonse ndinawerenga mapesi atatu okha. Dzina lakuti phlox linachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza lawi la moto, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake madzulo ena dzuwa litapendeka n'kuwomba pa ofiira aja. Mtundu umenewu kwawo ndi ku Texas, ndipo unatchedwa dzina la Thomas Drummond, katswiri wa zomera wa ku Scotland amene anatumiza njere zake ku Britain mu 1835. Agulugufe sankachoka pabedipo m'mawa uliwonse, ndipo nthambi zimene ndinkathyola n'kuika m'madzi m'nyumba zinkakhala masiku angapo zisanafote.

Ogula azindikire kuti limeneli si duwa lalitali lonunkhira kwambiri lija lotchedwa Phlox paniculata, limene limatha kupitirira mita imodzi ndipo limaphukanso chaka ndi chaka. La m'paketi iyi limakhala nyengo imodzi yokha, fungo lake ndi lochepa, ndipo kwa ine linalekera pa masentimita 30, choncho malo ake ndi kutsogolo kwa bedi kapena m'miphika.

Nyengo itatentha kwambiri maluwa anachepa, ndipo masamba ena anayamba kuchita timadontho tachikasu chifukwa cha akangaude ofiira amene amabisala kunsi kwa tsamba kukauma. Ndinadula mapesiwo pang'ono, ndinaphimbira dothi ndi udzu wouma kuti mizu izizizira, ndipo kutayamba kuzizirirako anamasulanso kachiwiri, ngakhale kuti sanafike pa kuchuluka kwa poyamba. Pakona imodzi pamene ndinachita ulesi kupatulira, masamba a m'munsi anagwidwa ndi chuku choyera chooneka ngati awazidwa ufa, amene ndi matenda odziwika kwambiri pa maluwa a phlox. Ndinazula mapesi awiri kuti mpweya uzidutsa, ndinachotsa masamba odwalawo, ndipo ndinayamba kuthirira patsinde m'mawa m'malo mothira madzi pamwamba pa masamba madzulo. Matendawo sanafalikire kwina. Ntchito imene simungaithawe ndi yochotsa maluwa ofota kawiri pa sabata, chifukwa chomeracho chikangoyamba kupanga njere chimaleka kumasula.

Chakumapeto ndinasiya dala mapesi angapo kuti akhwimitse njere. Tizipatso take tikauma timaphulika n'kumwaza njerezo patali, choncho ndinkatithyola titangosanduka tofiirira n'kutiumitsa m'thumba la pepala. Njere zimenezi ndidzafesa pabedi lomwelo nyengo ikubwerayi, ndipo ndidzagulanso paketi ina kwa wogulitsa yemweyu, koma ya maluwa oyera okhaokha, kuti ndidzawadzale pakati pa ofiira aja.