Ulendo wa pa intaneti wokaona zipata zotayika za London: mmene tinauonera kuchokera ku Lilongwe

Ndimaphunzitsa mbiri pa sukulu ina ya sekondale muno mu Lilongwe, ndipo vuto limene ndimakumana nalo chaka ndi chaka ndi lakuti ophunzira amaganiza kuti mbiri yonse inalembedwa kale m'mabuku, osadziwa kuti ina imachita kufukulidwa pansi. Pa chifukwa chimenechi, m'mwezi wa Juni ndinalipirira kalabu yathu ya mbiri ulendo wa pa intaneti umene kampani ina yaing'ono ya ku London imachititsa. Kachitidwe kake n'kosavuta. Wotsogolera alendo amayenda m'misewu ya mzindawo atanyamula foni, inu mukumuonera pa Zoom nthawi yomweyo, ndipo mafunso mumachita kulemba kuti iye aziyankha akuyenda. Ife tinasankha ulendo wa ola limodzi ndi theka wotsata linga lakale la London ndi zipata zake zisanu ndi ziwiri, zimene lero zonse zinagwetsedwa.

Za malipiro ndinene mwachidule. Kampaniyo imalandira mapaundi okha kudzera pa khadi, ndipo khadi langa litakanidwa kawiri, anandilipirira ndi mlamu wanga amene amakhala ku Leeds. Mtengo amawerengera pa kompyuta imodzi, osati pa munthu, choncho ophunzira 23 anaonera pa pulojekita ndi tikiti imodzi. Mu Juni nthawi ya ku London imatsalira ndi ola limodzi lokha poyerekeza ndi yathu, ndiye ulendo wa 2 koloko masana kumeneko unatipeza titangoweruka.

Mayi amene anatitsogolera anayambira pa Tower Hill, pamene patsala chigawo cha linga chachitali pafupifupi mamita 10. Apa anasonyeza kuti ntchito yake amaidziwa. Anayandikitsa foni pa khomalo mpaka tinaona mizere ya njerwa zofiira zopyapyala zimene Aroma ankayala pakati pa miyala kuti khoma likhale lowongoka ndi lolimba, kenako anakweza kamera pang'onopang'ono kufika pamene mizereyo yathera ndipo miyala yayamba kusanjikana mosalongosoka. Anafotokoza kuti chigawo chapansicho ndi cha Aroma, amene anamanga linga la makilomita pafupifupi atatu cha m'ma 200 AD ndi miyala yochokera ku Kent yobwera pa ngalawa, pamene chapamwambacho chinawonjezedwa ndi anthu a zaka za m'ma 1200 ndi kutsogolo kwake. Ophunzira anga anaona ndi maso awo kuti khoma limodzi likhoza kukhala ndi mibadwo ingapo ya amisiri, monga mmene nyumba ya kumudzi imaonekera pamene mdzukulu wawonjezera chipinda cha njerwa zootcha pa chipupa cha zidina chimene anamanga agogo ake.

Chimene ndinganene kuti ndalama yathu inagula chinabwera titatsika masitepe olowera m'njira yapansi ya anthu oyenda pansi, pafupi ndi Tower of London, nyumba yakale yachifumu yozunguliridwa ndi malinga. M'dzenje lotchingidwa ndi zitsulo muli tsinde la nsanja ya chipata chaching'ono chimene chinamangidwa cha m'ma 1300, nthawi ya Mfumu Edward Woyamba, amene anakumbitsa ngalande yaikulu ya madzi kuzungulira Tower. Chipatachi chinali cha anthu oyenda pansi, ndipo anachimanga m'mphepete mwenimweni mwa ngalandeyo, pa nthaka yofewa. Cha m'ma 1440 nthakayo inalephera kuchinyamula, nsanja inatsetserekera pansi, ndipo sichinamangidwenso ndi miyala monga poyamba. Chinakwiririka n'kuiwalika mpaka mu 1979 pamene akatswiri ofukula zakale anachipeza pa nthawi yokumba njira yapansiyo.

Mayiyo anatisonyeza timazenera topapatiza toponyerapo mivi, komanso mpata wosemedwa m'mwala mmene munkadutsa chitseko cholemera chotsika kuchokera pamwamba. Kenako anatifunsa funso limene linandisangalatsa kwambiri: n'chifukwa chiyani chipata chimene chinagwa ndicho chapulumuka, pamene zipata zazikulu zolimba zinatheratu? Mtsikana wina wa Folomu 3 ananong'ona kuti, "Aphunzitsi, mwina chifukwa akuba njerwa sanachione." Ndinalemba yankho lakelo mmene analinenera, ndipo mayiyo anaseka n'kuvomereza kuti ndi momwemo. Chinthu chikatitimira m'nthaka, omanga a m'mibadwo yotsatira safika pa miyala yake, pamene chimene chili poyera chimaphwasulidwa mwala umodziumodzi. Aliyense amene anaonapo nyumba yosiyidwa ku Area 25 kapena ku Chinsapo ikutha mafelemu ndi njerwa m'miyezi yochepa sangavutike kumvetsa mfundo imeneyi. Pa malo amenewa tinakhalapo mphindi pafupifupi 20, ndipo ngakhale chithunzi chinkadukaduka chifukwa cha netiweki yofooka pansipo, palibe wophunzira amene anayang'ana kumbali.

Ku Aldgate, pamene panali chimodzi mwa zipata zisanu ndi ziwiri zija, nkhani inasintha, chifukwa kumeneko kulibe mwala uliwonse wa chipata woonekera pamsewu. Pa sikirini panali mabasi ofiira, nyumba zagalasi ndi anthu othamangira ku ntchito, moti mnyamata wina anafunsa mokhumudwa kuti, "Sala, ndiye chipatacho chili pati?" Luso la wotsogolera wabwino limaonekera pa malo otere, ndipo mayiyu anayesetsa. Anatisonyeza tchalitchi cha St Botolph without Aldgate, n'kufotokoza kuti mawu apakatiwo m'Chingerezi chakale ankatanthauza kunja, kusonyeza kuti tchalitchicho chinali kunja kwa linga. Anatisonyezanso msewu wa Houndsditch umene umatsata ngalande imene inali kuseri kwa khoma. Ndi zizindikiro ziwirizi, munthu akhoza kuloza pamene chipata chinali ngakhale sakuchiona. Anawonjezera kuti wolemba ndakatulo Geoffrey Chaucer anapatsidwa zipinda za pamwamba pa chipatachi mu 1374 pamene ankagwira ntchito yoyang'anira msonkho wa ubweya wa nkhosa padoko, ndiponso kuti mu 1471 gulu la nkhondo la Thomas Neville linaukira chipatachi koma linabwezedwa. Mapeto ake sanali a nkhondo ayi. Pofika zaka za m'ma 1700 zipata zinkachedwetsa ngolo ndi malonda, ndipo akuluakulu a mzinda anazigulitsa kwa ogwetsa nyumba. Ludgate ndi Cripplegate zinagwetsedwa mu 1760, Aldgate mu 1761, ndipo Newgate inatsatira pambuyo pake.

Pamenepa ndinaimitsa sipika kwa kanthawi n'kukumbutsa ophunzira za ku Nkhotakota, kumene dzina lakuti Linga likadalipo pa malo, pa tchalitchi ndi pa sukulu, ngakhale mpanda umene dzinalo limanena sungaoneke. Dzina la malo ndi umboni nalonso, ndipo limatha kukhala zaka mazana ambiri chinthucho chitatha.

Kuyambira pa Aldgate kupita kutsogolo, ulendo unayamba kukhumudwitsa, ndipo ndiyenera kunena mosabisa. Mtunda wochokera ku Tower Hill kukafika ku Newgate ndi wautali kwa munthu woyenda pansi uku akuyankhula, moti mayiyo anayamba kuthamanga ndi nthawi. Pa Bishopsgate anangoloza chizindikiro cha chisoti cha bishopu chimene chili pa khoma la nyumba ina osaima n'komwe, ndipo za Moorgate anangonena kuti inakhala chipata mu 1415, mochedwa kuposa zinzake. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi Cripplegate, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli nkhani yaikulu ya ntchito yofukula. Mabomba a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse atagwetsa dera limenelo, katswiri W. F. Grimes anakumba m'mabwinjamo ndipo anazindikira kuti panali linga la asilikali a Chiroma limene linamangidwa linga la mzinda lisanakhalepo, cha m'ma 120 AD, ndiponso kuti Cripplegate inayamba ngati chipata chakumpoto cha linga la asilikalilo. Maziko a chipata chake chakumadzulo akadalipo pansi pa msewu wotchedwa London Wall, m'chipinda chokhoma pafupi ndi malo oimika magalimoto. Zonsezi mayiyo anazimaliza m'mphindi zosakwana zisanu, akuyenda, mawu ake akumizidwa ndi phokoso la magalimoto ndi mphepo yowomba pa maikolofoni.

Nthawi imene anapulumutsa pamenepo anakaithera pa Newgate, kufotokoza za ndende ndi za anthu amene ankanyongedwa poyera kunja kwake kuyambira 1783 mpaka 1868. N'zoona kuti chipata cha Newgate chinkagwira ntchito ngati ndende kuyambira m'zaka za m'ma 1100, ndipo n'zoonanso kuti khoti la Old Bailey laima pamalo pamene panali ndendeyo. Koma kunyonga kumene ankafotokoza mokometserako kunachitika chipatacho chitagwetsedwa kale, choncho sikunali mbali ya zimene tinalipirira. Ndikumvetsa kuti alendo ambiri amakonda nkhani zoopsa, koma kampaniyo inatsatsa ulendowu ngati wa mbiri ndi zofukula.

Palinso zinthu ziwiri zimene kampaniyo ingakonze popanda kuwononga ndalama. Sinatitumizire mapu tisanayambe, ndipo kwa ana amene sanaupondepo mzindawo, mayina asanu ndi awiri achilendo otchulidwa motsatizana amangosokonekera m'mutu. Ndinachita kujambula chithunzi cha linga pa bolodi ulendo uli mkati. Sinalolenso kuti tisunge kanema wa ulendowo, pamene kwa ife amene intaneti imaduka nthawi iliyonse, kanema woonera pambuyo akanatithandiza kubwereza malo amene tinaphonya.

Kwa mphunzitsi mnzanga amene akuganiza zoyesa, malangizo anga ndi akuti awalembere a kampaniyo pasadakhale n'kupempha kuti ulendo uthere pa Cripplegate, kuti nthawi ikwanire pa malo amene pali zooneka. Agule bandulo yokwanira, akhale ndi foni yachiwiri ya netiweki ina, ndipo asindikize mapu a linga kuti wophunzira aliyense azitsata ndi chala. Ine ndawalembera kale kufunsa ngati angatikonzere ola limodzi la Tower Hill ndi Cripplegate zokha m'teremu ikubwerayi, tisanayambe mutu wa zimene Dr Yusuf Juwayeyi anafukula ku Mankhamba, likulu la a Kalonga kufupi ndi Mtakataka, ndipo ayankha kuti n'zotheka koma pa mtengo wa gulu lapadera, umene ndiyenera kukakambirana kaye ndi a hedi.