Ancestry imathandiza mpaka 1850, kupyola apo khasu ndi lanu

Ancestry, webusaiti yolipira yofufuzira mizere ya makolo, ndaipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ngati kholo limene mukufufuza linafika ku America nthawi ya atsamunda, 1776 isanakwane, musayembekezere kuti kompyuta ikupezerani yokha.

Mphamvu ya Ancestry ili pa kalembera wa anthu wa ku America. Yambani ndi wa 1950 n'kumabwerera m'mbuyo zaka khumikhumi. Mpaka 1850 zimayenda bwino, chifukwa kuyambira chaka chimenecho ankalemba dzina la mfulu aliyense wa m'nyumba, zaka zake ndi kumene anabadwira. Pa 1890 pali mpata, popeza mapepala ambiri anawonongeka pa moto wa ku Washington mu 1921. Kalembera wa 1790 mpaka 1840 ali ndi dzina la mwini nyumba yekha, mkazi ndi ana ndi manambala chabe. Amene anali akapolo mayina awo amayamba kuoneka bwino mu 1870.

Chenjerani ndi timasamba tobiriwira timene timakulozerani "wachibale". Tambiri timachokera pa mizere ya makolo imene anthu ena anakoperana osafufuza. A John Smith awiri a m'dera limodzi amasanduka munthu mmodzi, ndipo mumapeza mayi wobereka ali ndi zaka 9. Musavomereze katsamba musanatsegule chithunzi cha chikalata chenicheni. Chisanafike 1850 umboni wa bambo ndi mwana uli m'zikalata za wilo zogawira chuma cha masiye, m'zikalata zogulitsirana malo ndi m'makaundula a ubatizo, ndipo zambiri mwa izi webusaiti ina ya FamilySearch imazionetsa kwaulere.

Pa mayina a mabanja m'pamene ambiri amasochera. Kalaliki ankalemba monga wamvera, choncho lembani M*ller kuti mupeze Miller, Muller ndi Mueller nthawi imodzi. Koma kanyenyeziko sikangagwire Zimmermann amene anasanduka Carpenter, chifukwa dzinalo analimasulira. Ngati kholo linali Mjeremani, onani mndandanda wa amuna amene ankalumbira pofika ku Philadelphia kuyambira 1727, pamene ambiri anasaina okha. Adatchi a ku New Netherland, kumene lero ndi dera la New York, ankasintha dzina m'badwo uliwonse: Pieter mwana wa Jan anali Jansen, ana ake n'kukhala Pietersen. Madeti nawonso amapusitsa. Chisanafike 1752 chaka chinkayamba pa 25 March m'madera olamulidwa ndi Angerezi, n'chifukwa chake mumaona February 1720/21.

AncestryDNA, njira ya Ancestry yoyezera chibale ndi DNA, imathandiza pa mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi, ndiye siifika bwino kwa kholo la m'ma 1600. Dzina la banja limafuna Y-DNA, imene imatsata mzere wa abambo. Ancestry siigulitsa, koma kampani ya FamilyTreeDNA ili nayo, ndipo woyezedwa akhale mwamuna wa dzinalo.

Malipiro amadzibwereza okha mukapanda kuimitsa. Musanasiye, tsitsani fayilo ya GEDCOM yosunga mzere wa makolo umene mwapanga, ndipo zithunzi za zikalata muzisunge padera chifukwa fayiloyo siitenga zithunzi.